Achilles wako uja, kodi buku lake unalimaliza?

Mnyamata wina wandilembera, ndipo mawu ake ndawafupikitsa motere: "Agogo, amayi atamwalira anasiya dimba m'mbali mwa mtsinje. Amalume analitenga n'kupatsa mwana wawo. Nditakadandaula kwa nyakwawa, msuweni wangayo anandinena pagulu kuti ndine mwana wa m'tauni wosadziwa ndi mpini wa khasu womwe, anthu n'kuseka. Masabata atatu apitawa msuweniyo wamwalira pa ngozi ya njinga yamoto, ndipo ine kumaliro sindinapite. Amayi aang'ono akuti ndachititsa manyazi mtundu. Koma ndinawerengapo za Achilles, ngwazi ya Agiriki, amene atanyozedwa ndi mfumu anakana kumenya nkhondo ngakhale anamupepesa ndi golide. Kodi mwamuna akasunga ulemu wake walakwa?"

Mdzukulu wanga, pepa ndi imfa ya amayi ako. Pa dimbalo, ngati kwanu n'kwa chikamwini monga ndikumvera, unalakwiridwadi. Amalume ndi mwini mbumba, ntchito yawo n'kusunga za ana a mlongo wawo, ndipo mwana wawo ali nako kwawo kwa amayi ake. Koma Achilles wandibweretseyu ndiye tikhale naye pansi, chifukwa ndikuona ngati unatseka buku lili pakati.

Ndakatulo yake ndi Iliad, imene Agiriki amati anaipeka mlakatuli Homer zaka pafupifupi 2,700 zapitazo. Ili ndi mizere yoposa 15,000 m'zigawo 24, ndipo kale ankailakatula pamtima pa zikondwerero. Alipo anzathu amene anaphunzira Chigiriki chenicheni pa Kamuzu Academy ku Mtunthama; ine ndinaiwerenga m'Chingelezi ndili mphunzitsi, m'buku lothothoka chikuto. Ambiri amayesa kuti imasimba nkhondo yonse ya zaka 10 ya ku Troy, mzinda umene mabwinja ake ali pa Hisarlik ku Turkey. Ayi ndithu. Imangotenga masabata owerengeka a chaka chomaliza, ndipo nkhani yotchuka ya kavalo wamtengo amene Agiriki anabisalamo polanda mzindawo mulibemo. Liwu lake loyambirira penipeni ndi "mkwiyo".

Nkhani imayamba ndi nkhalamba. Chryses, wansembe wa mulungu Apollo, anafika pamsasa wa Agiriki atanyamula dipo kudzaombola mwana wake wamkazi. Agamemnon, mkulu wa mafumu onse, anamuthamangitsa ngati galu. Apollo anagwetsa mliri masiku 9, mitembo mbwee, mpaka Agamemnon anabweza mtsikanayo. Koma pobweza analanda Briseis, mtsikana amene asilikali anali atapatsa Achilles ngati gawo lake la zofunkha. (Akazi ankawagawana ngati mbuzi, ndipo pamenepo palibe choti utengerepo.) Kwa anthu amenewo ulemu wa munthu unkaoneka ndi maso: gawo limene wapatsidwa anthu akuona. Kumulanda gawolo pabwalo kunali kumuvula. Ndiye ululu umene unamva anthu akuseka paja Homer ankaudziwa, ndipo sananene kuti Achilles ankakwiya zachabe.

Tsopano taona zimene anachita nawo mkwiyowo. Anapita kunyanja kukalirira amayi ake, Thetis, amene anali mulungu wamkazi, kuti akapemphe Zeus, mfumu ya milungu, kuti Agiriki agonje mpaka adziwe amene anamunyoza. Zeus anavomera. Agiriki atapanikizika anatuma Odysseus, Ajax ndi Phoenix kukapepesa, atalonjeza matalente (miyezo ya kulemera) 10 a golide, akavalo 12, mizinda 7, mwana wamkazi wa mfumu kuti amukwatire, ndi Briseis yemweyo. Apa ndi pamene iwe wasangalala napo. Ine pamene pamandikhudza ndi pa Phoenix, nkhalamba imene inamulera. Inamukumbutsa mmene inkamukhazikira pamwendo n'kumamudulira nyama, iye n'kumailavulira vinyo pamalaya, ndipo inamuuza kuti ngakhale milungu imapembedzeka. Amayi ako aang'ono akulankhula ndi pakamwa pomwepo. Achilles anakana.

Pemphero lake linayankhidwa bwino lomwe. Ankhondo a ku Troy anafika pa zombo za Agiriki n'kuyatsa moto. Patroclus, mnzake wa pamtima amene anakulira naye nyumba imodzi, sanathe kupirira; anabwereka zida za Achilles n'kulowa m'nkhondo, ndipo Hector, mwana wa mfumu ya Troy, anamupha. Uthenga utafika, Achilles anadzithira phulusa kumutu n'kugubuduzika pansi. Iye mwini ndiye anatemberera mkwiyo, kuti umatsekemera kuposa uchi koma umafuka m'chifuwa ngati utsi. Ulemu uja anaupeza, Agamemnon anapepesa pagulu, mphatso zonse zinabwera. Sanafune n'kuziyang'ana komwe.

Za milunguyo usadalire. Siifa, ndiye imatha kukangana masana, madzulo n'kukhala pamodzi kumamwa ndi kuseka, anthu pansi pano akuikana. Ngakhale Agiriki ena zinkawanyansa: wanzeru wina dzina lake Xenophanes anadandaula kuti Homer anapaka milungu kuba, chigololo ndi chinyengo. Ukamati Zeus anali kumbali ya Achilles, kumbukira kuti anamupatsa zimene anapempha, mtembo wa mnzake n'kubwera pamwamba ngati basera.

Achilles anapha Hector. Hector akutsirizika anapempha chinthu chimodzi, kuti mtembo wake aubweze kwa makolo ake, ndipo Achilles anamuyankha kuti adyedwa ndi agalu ndi mbalame. Anamuboola kuakakolo, n'kumumangirira kugaleta, n'kumukhwekhwereza m'fumbi bambo ndi mayi ake akuonera pamwamba pa linga. M'mawa uliwonse ankaukoka mtembowo katatu kuzungulira mtumbira wa Patroclus, kenako n'kuusiya chafufumimba. Tulo osabwera. Usiku ankangotembenuka, n'kudzuka kukayenda m'mbali mwa nyanja. Pa tsiku la 12 Apollo anadzudzula milungu inzake kuti munthuyu wataya chifundo ndi manyazi, akuzunza dothi losamva kanthu. Iwe mtembo sunaukoke, ndikudziwa. Koma kusowa kwako pasiwa kunali kulanga munthu amene sangamvenso, ndipo amene anamva kuwawa ndi amoyo.

Chigawo cha 24 ukachiwerenge pang'onopang'ono. Nkhalamba ina ikunyamukanso ndi dipo, monga ija ya poyamba. Ndi Priam, mfumu ya Troy, bambo wa ana aamuna 50, ambiri a iwo ataphedwa kale. Mkazi wake Hecuba anamuletsa, iye osamva. Anapakira nsalu ndi golide pangolo ya nyulu, n'kutuluka usiku ndi wantchito mmodzi wokalamba, mulungu Hermes akuwatsogolera kudutsa alonda. Analowa m'nyumba ya Achilles mwakachetechete, n'kugwira maondo ake, n'kupsompsona manja amene anapha ana ake. Sanayambe ndi za golide. Anamuuza kuti akumbukire bambo ake, Peleus, nkhalamba ngati iyeyo, imene inatsala yokha kumudzi. Awiriwo anayamba kulira, wina akulira Hector, wina akulira bambo ake ndi Patroclus, nyumba yonse kumveka maliro. Achilles anamudzutsa pomugwira dzanja, n'kumuuza za mitsuko iwiri ya pakhomo la Zeus, wina wa zabwino wina wa zoipa: wamwayi amamusakanizira, watsoka amamutungira woipa wokhawokha.

Usaganize kuti mtima unali utayera. Priam atamufulumizitsa pang'ono, Achilles anamuyang'ana ndi diso loipa n'kumuchenjeza kuti asamupute. Ndipo pouza adzakazi kuti asambitse mtembo ndi kuudzoza mafuta, anati achitire poduka mphepo kuti nkhalamba isaone, kuopa kuti ingapse mtima, nayenso n'kupsa mtima n'kuipha. Munthuyu ankadzidziwa. Mwina unganene kuti anangomvera lamulo la Zeus, pakuti Thetis anali atamuuza kuti milungu yakwiya. Zoona. Koma palibe mulungu anamuuza kuti apatule nsalu ziwiri ndi malaya pa dipo lija zokulungira mtembo, kapena kuti aunyamule ndi manja ake kuuika pachithatha. Palibenso anamuuza kuti aphe nkhosa yoyera n'kukakamiza mlendo wake kudya. Priam anaulula kuti chifereni mwana wake anali asanalawe kanthu kapena kutseka maso. Atadya anakhala n'kumayang'anana, aliyense akudabwa ndi maonekedwe a mnzake.

Kenako Achilles anafunsa kuti maliro afuna masiku angati. Priam anati masiku 9 olira, la 10 kuika ndi kudyetsa anthu, la 11 kuunda mtumbira, la 12 nkhondo ipitirire ngati n'kofunika. Achilles anavomera, n'kugwira dzanja la nkhalambayo kuti isaope. Ndakatulo imene inayamba ndi mkwiyo wa Achilles imathera pa maliro a mdani wake. Nkhondo sinathe, Troy anadzagwabe, Achilles mwini anadzafera komweko. Mu Odyssey, ndakatulo inzake, Odysseus akukumana ndi mzimu wake kumalo a akufa n'kuutamanda, mzimuwo n'kuyankha kuti bola kukhala waganyu wa munthu wosauka uli moyo kusiyana ndi kulamulira akufa onse.

Akuluakulu athu anati maliro n'kulirana, ndipo sanati kulirana ndi okhawo amene sanakulakwire. Amalume ako lero ndi nkhalamba imene yaika mwana. Ndiwonso amene anabadwa mimba imodzi ndi amayi ako, ndipo ndikhulupirira kuti pamaliro a mlongo wawo anagona panja pamoto.

Mwambo wathu unasiya khomo kwa amene sanapezeke poika. Uza amayi aang'ono akuperekeze, usapite wekha, pakuti nawenso mtima wako ukuudziwa. Tenga kachipepeso, kaya ndi ufa, shuga kapena ndalama pang'ono. Ukafika vula chipewa, khala pansi, dikira akulonjere. Mawu asachuluke: "Amalume, pepani ndi zovutazi, ndinalakwa kusabwera." Pempha akakuonetse pamene msuweni wako anagona. Wina akaponya mawu olasa, ndipo sadzalephera, meza malovu.

Za dimba usatchule tsiku limenelo, ngakhale iwo ataziyamba okha. Mlandu wako sunafe. Pakapita miyezi ingapo udzapite ndi akuluakulu a mbumba kwa nyakwawa, mukaukambe bwinobwino. Loweruka likubwerali kwera minibasi yam'mawa, ndipo akakuikira nsima, samba m'manja udye.