Za m'malire zimatikhudza ife a mu Lusaka

Bambo Phiri, mwafunsa ngati chitetezo cha m'malire chimatikhudza ife okhala mu Lusaka, poti zipata za m'malire za Chirundu ndi Kasumbalesa zili kutali. Chimatikhudza kwambiri, ndipo umboni wake unapezeka pakhomo pathu penipeni. Mu Disembala 2022, mitembo 27 ya anthu oganiziridwa kuti anachokera ku Ethiopia inapezeka itatayidwa m'mbali mwa msewu ku Ngwerere, patangopita miyezi iwiri chipezekereni manda a anthu ena otere m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, m'dziko la Malawi. Ozembetsa anthuwa amadutsa mayiko angapo polowera ku South Africa, choncho wapolisi wa kuno sangaipeze mizu ya mlanduwu ngati mnzake wa ku Mzimba samuuza zimene akudziwa.

N'chifukwa chake akuluakulu a apolisi a m'chigawo chino anakhazikitsa SARPCCO, bungwe logwirizanitsa apolisi a mayiko a kum'mwera kwa Africa, mu 1995 ku Victoria Falls, ndipo bungweli limagwira ntchito limodzi ndi ofesi ya ku Harare ya Interpol, bungwe la apolisi a padziko lonse, pa milandu ya magalimoto obedwa, mfuti ndi mankhwala osokoneza bongo. Zambia inachita malire ndi mayiko 8, ndipo asilikali okha sangalondere paliponse. Ngakhale chipata chatsopano cha Mwami ndi Mchinji, chimene chinatsegulidwa mu 2022, sichingagwire munthu wodutsa njira zachidule za m'minda usiku. Amene amamuona ndi mafumu ndi alimi a m'midzi ya m'malire, omwe ambiri ali ndi abale tsidya linalo, ndipo ine zimandipweteka kuti mawu awo safika msanga ku likulu kuno.