Chifukwa chake wofika pambuyo ndiye anavala golide

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati munaonera kavidiyo ka anthu othamanga pa ayisi, mnyamata wa ku America sanakhale woyamba pa mpikisano womaliza, koma mendulo ya golide anaveka iyeyo, ndiye mukufuna kudziwa ngati sipanachitike chinyengo. Chinyengo panalibe. Ndiyankha motalikirapo chifukwa masewera amenewa ndimawakonda kwambiri, ndipo ndi mwa apo ndi apo kumva munthu kuno ku Lilongwe akufunsa za iwo.

Monga mwafotokozera, kavidiyo kaja ndi ka mpikisano wa dziko lonse lapansi wa allround umene unachitika mu Malichi 2024 ku Inzell, m'dziko la Germany. Mnyamatayo ndi Jordan Stolz, panthawiyo ali ndi zaka 19. Kumbali ya amayi anapambana Joy Beune wa ku Netherlands. Chimene inu munaona ndi gawo lomaliza chabe la ntchito ya masiku awiri. Pa allround pamakhala mitunda inayi yothamanga. Abambo amayamba ndi mamita 500 ndi 5,000 tsiku loyamba, mawa lake 1,500 ndi 10,000. Amayi amathamanga 500, 3,000, 1,500 ndi 5,000. Katswiri ndi amene wachita bwino pa inayi yonse ikaphatikizidwa.

Kaphatikizidwe kake ndi kamene kamasokoneza anthu. Akanangophatikiza nthawi zonse momwe ziliri, mtunda wa 10,000 ukanameza inzakewo, wa 500 n'kukhala wopanda ntchito. Ndiye amatenga nthawi ya mtunda uliwonse m'masekondi n'kuigawa kuti ifanane ndi ya mamita 500. Nthawi ya pa 500 imakhala momwemo. Ya pa 1,500 amaigawa ndi 3, ya pa 3,000 ndi 6, ya pa 5,000 ndi 10, ya pa 10,000 ndi 20. Zotsatira zake ndiwo mapointi, ndipo wopambana ndi wa mapointi ochepa. Kawerengedwe kameneka amakatcha samalog.

Ndipereke chitsanzo changachanga cha anthu awiri, manambala osavuta. Woyamba ndi wa liwiro. Pa 500 wathamanga masekondi 35, pa 5,000 masekondi 380 amene ndi mapointi 38, pa 1,500 masekondi 105 amene ndi mapointi 35. Wafika pa 108. Wachiwiri ndi wa mpweya wautali. Pa 500 wachedwa, masekondi 37. Pa 5,000 wamugonjetsa mnzakeyo ndi masekondi 370, mapointi 37. Pa 1,500 masekondi 108, mapointi 36. Wafika pa 110. Kusiyana kwawo ndi mapointi awiri okha, ooneka ochepa. Koma pa 10,000 pointi imodzi ndi masekondi 20, kotero wachiwiriyu ayenera kumusiya mnzake ndi masekondi oposa 40, kupitirira ulendo wathunthu wozungulira bwalo. Tinene kuti wathamanga bwino kwambiri, masekondi 780, mnzake 800. Wamusiya ndi theka la bwalo ndi kupitirira, anthu akuimirira ndi kuwomba m'manja. Koma mukawerenga, iye ali ndi 149 pamene wa liwiro uja ali ndi 148. Golide wapita kwa wofika pambuyo.

Stolz anachita zofanana ndi zimenezi. Anapambana pa 500 ndi pa 1,500, n'kusunga mpata waukulu, kenako pa mitunda itali-itali anapirira mokwanira kuti Patrick Roest wa ku Netherlands, katswiri wa mitunda yaitali amene anatengapo ulemu womwewu mu 2018, 2019 ndi 2020, asamupeze. Mapointi ake anali 144.740. Sekondi imodzi imene munthu wataya m'mawa wa tsiku loyamba, mwina chifukwa choterereka pang'ono poyamba, imasanduka ngongole ya masekondi 20 madzulo a tsiku lachiwiri, miyendo italema kale. N'chifukwa chake ine ndikamaonera sindiphonya 500 ngakhale imatha munthu usanakhazikike bwino pa mpando.

Kuti muone kukula kwa ntchitoyi, ganizani za malo othamangirapo a ku Bingu National Stadium. Kuzungulira kamodzi ndi mamita 400, ndipo bwalo la ayisi nalonso ndi mamita 400. Pa 10,000 munthu amazungulira ka 25, ndipo akatswiri amamaliza m'mphindi pafupifupi 13, ena osafika n'komwe. Liwiro limenelo limaposa makilomita 45 pa ola, munthu atawerama ngati akupalira m'munda, manja kumbuyo, ataima pa kachitsulo kopyapyala kamene m'lifupi mwake ndi milimita imodzi ndi pang'ono. Amene munapalirapo chimanga mukudziwa mmene msana ndi ntchafu zimapsera mukakhalitsa chiweramire. Onjezanipo liwiro la njinga yamoto.

Amathamanga awiriawiri, koma kwenikweni aliyense amalimbana ndi wotchi. Mmodzi amavala kansalu koyera pa mkono n'kuyambira mzere wa mkati, mnzake kofiira n'kuyambira wa kunja. Popeza wa mkati ndi waufupi, amasinthana mizere ulendo uliwonse akafika pa mbali yowongoka ya kuseri. Akafika limodzi, wochokera kunja ndiye amayamba kudutsa. Lamulo limeneli ndi lolimba. Pa Olimpiki ya 2010 ku Vancouver, Sven Kramer wa ku Netherlands anathamanga nthawi yabwino kuposa onse pa 10,000, koma kochi wake anamulozera mzere wolakwika, ndipo anamuchotsa. Golide anapita kwa Lee Seung-hoon wa ku South Korea. Patangopita mwezi umodzi Kramer anakapambana allround ku Heerenveen. Nkhani imeneyi imandikhudza nthawi zonse ndikaikumbukira.

Ku Heerenveen komweko, pa bwalo la Thialf, ndi kumene ndinaonera masewerawa ndi maso anga ndili pa sukulu ku Netherlands. Mnzanga wa m'kalasi ndiye ananditenga. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi phokoso la nsapato. Wothamanga akamadutsa pafupi mumamva kuti khwaa, kenako ka, khwaa, ka. Kachitsulo ka kunsi kamagwira kutsogolo kokha, pa hinji, ndiye munthu akakankha chidendene chimanyamuka pamene chitsulo chikadali pa ayisi, kenako sipuling'i imachibweza kuti ka. Nsapato zimenezi zinapangidwa ndi akatswiri a pa Vrije Universiteit ku Amsterdam motsogozedwa ndi Gerrit Jan van Ingen Schenau, ndipo zitafala cha m'ma 1996 ndi 1997 nthawi zakale zinagwa motsatizana. Ndinaonanso makochi ataima pa ayisi pomwepo, atanyamula kabolodi ka manambala kosonyeza nthawi ya ulendo umene wangothawo. Mnzanga uja anali ndi pepala ndi cholembera, akulemba nambala iliyonse, ndipo anthu ambiri otizungulira ankachita chimodzimodzi. Nambala ikakwera ndi theka la sekondi, bwalo lonse linkadziwa kuti munthuyu wayamba kutha. Wothamanga wina atamaliza anavula chipewa cha suti yake, n'kugwira m'mawondo, akungotengeka ndi ayisi mutu uli pansi. Mkati mwa chinyumbacho munkazizira moti zala zanga zinauma, koma sindinafune kutuluka.

Mpikisanowu ndi wakale. Bungwe la International Skating Union linakhazikitsidwa mu 1892, ndipo mpikisano woyamba wovomerezeka wa abambo unachitika mu 1893 ku Amsterdam, wopambana Jaap Eden. Amayi anadikira mpaka 1936 ku Stockholm, kumene anapambana Kit Klein wa ku America. Kwa zaka zambiri abambo ndi amayi ankapikisana m'mizinda yosiyana, ndipo anayamba kukumana malo amodzi mu 1996. Kwa abambo, Kramer ndiye anapambana kambirimbiri, ka 9, pakati pa 2007 ndi 2017. Kwa amayi ndi Gunda Niemann-Stirnemann wa ku Germany, ka 8, kutsatiridwa ndi Ireen Wüst wa ku Netherlands, ka 7. Martina Sáblíková wa ku Czech Republic anapambana kasanu, iye mwa njira yosiyana ndi ya Stolz: ankataya pa 500 n'kudzabweza ngongole yonse pa 3,000 ndi 5,000. Ndi umboni woti kawerengedweka sikakondera a liwiro okha.

Maganizo anga ndi akuti ulemu wa allround ndi wolemera kuposa mendulo ya mtunda umodzi. Thupi la munthu wa 500 ndi la munthu wa 10,000 ndi matupi awiri osiyana, monga wothamanga mamita 100 amasiyanirana ndi wokwera phiri la Mulanje pa mpikisano wa onyamula katundu uja. Kupeza zonse ziwiri mwa munthu mmodzi n'kosowa. Pa Olimpiki mendulo ya allround inaperekedwa kamodzi kokha, mu 1924 ku Chamonix, kwa Clas Thunberg wa ku Finland. Masiku ano achinyamata ambiri amasankha mtunda umodzi n'kuikapo mtima wonse, ndipo kuyambira 2020 mpikisanowu sukuchitikanso chaka ndi chaka koma pakapita zaka ziwiri. Zimenezo zimandidandaulitsa. N'chifukwa chake kuona mwana wa zaka 19 akubwerera ku mitunda inayi yonse kunandisangalatsa kwambiri. Wa ku America mnzake, Eric Heiden, anapambanapo katatu motsatizana kuyambira 1977, asanatenge golide pa mitunda yonse isanu pa Olimpiki ya 1980 ku Lake Placid.

Mlongo wina pansi pa funso lanu wafunsa ngati munthu wakuda, kapena wokulira kotentha ngati kuno, angachite nawo. Angathe, achemwali. Shani Davis wa ku Chicago anapambana allround mu 2005 ndi 2006. Erin Jackson anakulira ku Ocala ku Florida, kotentha, akuthamanga ndi nsapato za matayala pa msewu ndi m'mabwalo, anadzaphunzira za pa ayisi atakula kale, ndipo mu 2022 ku Beijing anatenga golide pa mamita 500. Chimene tilibe kuno ndi bwalo la ayisi, ndipo kulisunga lozizira kumafuna magetsi ambiri osazima. Koma kukankha, kuwerama ndi kukhota pa kona mwana amayamba kuphunzira pa matayala. Chinanso, mabwalo amene nthawi zothamanga kwambiri zimachitikira ndi a pamalo okwera, monga Calgary ndi Salt Lake City, chifukwa mpweya wake ndi wopepuka ndipo sutchinga kwambiri. Calgary ili pa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja, pafupifupi chimodzimodzi ndi Lilongwe.

Achimwene, mukapeza bandulo bwererani pa YouTube mufufuze mpikisano wonse wa ku Inzell, muyambire pa 500. Mtunda womaliza amalowa anthu 8 okha, ndipo asanayambe amaonetsa mndandanda wa mapointi a mitunda itatu. Tengani kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri, muchulukitse ndi 20 kwa abambo kapena ndi 10 kwa amayi, mupeza masekondi amene wachiwiriyo akufunika kubweza. Mukatero khalani ndi pepala, muzilemba nthawi ya ulendo uliwonse.