Mitengo ija musaidule kaye, amayi

Sabata yatha ndinalandira imelo yomwe yandisowetsa tulo. Mayi wina walemba kuti tornado, chimphepo champhamvu chozungulira ngati kamvuluvulu wamkulu, inadutsa pamudzi pawo, inasasula denga lonse, mtengo umodzi unagwera pakhonde, ina itatu yatsala chiimire koma yothyokathyoka nthambi, ndiye bambo akunyumba akuti adula yonse, ngakhale yomwe sinakhudzidwe n'komwe. Funso lawo ndi lalifupi: "Kodi tidule kapena ayi?"

Amayi, pepani kwambiri ndi zomwe zakuonekeranizi, chachikulu nonse muli moyo. Koma mundilole ndiyambe ndi zanga, chifukwa funso lanuli landiponda pachilonda chakalekale.

Ine ndinali ndi zaka 14 pamene chimphepo chotere chinatipeza. Tsikulo kunatentha modabwitsa, kutentha konyowa kuja koti malaya amangomata pathupi, ndipo chakumadzulo kumwamba kunada bii, kunagwa matalala pang'ono, kenako kunangoti zii. Ziiyo ndi yomwe ndimaikumbukira kuposa china chilichonse, ngakhale nkhuku zinasiya kulira. Anthu amakonda kunena kuti tornado imalira ngati sitima yapamtunda, ine nthawi imeneyo sitima ndinali ndisanaionepo, kwa ine zinamveka ngati malole ambirimbiri akukhuthula miyala nthawi imodzi osasiya. Mayi anga anatikokera kuchipinda chapakati, anatikankhira kunsi kwa bedi ine ndi mlongo wanga, iwo n'kugona chotiphimba, ndipo sindikukhulupirira kuti zonsezo zinakwana mphindi imodzi. Titatuluka tinangoona mitambo pamwamba pathu, mvula ikugwera pamabulangete. Denga tinakalipeza m'munda lili lathunthu, malata ndi mapaso ake zili pamodzi bwinobwino ngati chivundikiro chomwe munthu wachotsa papoto n'kuchiika pambali. Koma nyumba ya aneba, poti ukhoza kuitana munthu osakuwa, ndowa yomwe anasiya panja inali pomwepo. Ndowa!

Tinali ndi mitengo isanu ndi iwiri pakhomopo. Unagwa umodzi wokha, unagwera pakhola n'kupha mbuzi ziwiri. Bambo anga, munthu wofatsa amene sindinamumvepo akukweza mawu, anangouyang'ana mtengowo nthawi yaitali, m'mawa mwake anakatenga anyamata a nkhwangwa ndi macheka. Mayi anayesa kulankhula, iwo anati "mukufuna mawa ugwere ana?" Ndani angayankhe funso limenelo? Patangotha sabata pakhomo panali mbee, zitsa zokhazokha, kuphatikizapo mtengo womwe anadzala agogo anga aamuna bambo asanabadwe, womwe sunathyoke ndi kanthambi komwe.

Ndipo pa ntchito yodulayo m'pamene tikanaika maliro, osati pa chimphepocho. Mtengo wakugwa uja unazuka ndi mizu yomwe, chidothi chachikulu chili m'mwamba, pansi pake dzenje. Mlongo wanga wamng'onoyo ankasewera m'dzenjemo, ankati ndi nyumba yake. Mayi anamuitana kuti akatunge madzi, wangotuluka choncho, anyamata aja anamaliza kudula thunthu, chitsa chonse ndi dothi lake chinangoti phii kubwerera m'dzenje momwe chinachokera. Palibe anayankhula. Mmodzi mwa anyamatawo anakhala pansi n'kuyamba kunjenjemera. Mpaka lero ndikaona ana akusewera pamizu ya mtengo wozuka ndimakuwa ngati wamisala, anthu n'kumandidabwa.

Zomwe zinatsatira ndi zomwe bambo sanaziwerengere. Nyumba inayamba kutentha ngati uvuni, fumbi kulowa mpaka m'mbale, ndipo mphepo wamba, ya chaka ndi chaka ija yomwe kale tinkangoimvera m'masamba, inayamba kumenya khoma mwachindunji. Malata atsopano aja anakanganuka kawiri m'zaka zitatu, popanda tornado ina iliyonse. Bambo sanavomerepo kuti analakwitsa, amuna a msinkhu umenewo savomera, koma tsiku lina ndinawapeza akukumba timayenje kuseri kwa nyumba, mbande zili mu wilibala. Sindinafunse, iwonso sananene kanthu. Anamwalira mitengoyo isanayambe kupereka mthunzi woti munthu n'kukhalapo.

Ndiye mukandifunsa kuti tidule kapena ayi, ndikufuna ndiyankhe mwaulemu kuti zimatengera, koma ayi, ndinene zoona, ndimadana nako kudula mitengo chifukwa cha mkwiyo. Ndimadana nako kwambiri. Munthu wapwetekedwa ndi chinthu chomwe sangachigwire, mphepo yapita, sangaimenye, sangaisumire, ndiye amayang'ana chomwe chatsala chiimire pafupi n'kuchipatsa mlandu. Mtengo sutha kuthawa. Ndipo onani bwino nkhani yanu yomweyi, mwati mtengo unagwera pakhonde koma denga linachita kusasuka. Ndiye kuti chomwe chakugonetsani panja si mtengo ayi. Ndi misomali.

Ndifotokoze. Mphepo yamphamvu ikamadutsa pamwamba pa denga siliponderezera pansi monga ambiri timaganizira, imalikokera m'mwamba, ndipo chitseko kapena zenera likangophulika mphepo n'kulowa m'kati, imalikankhanso kuchokera pansi. Kukokedwa pamwamba, kukankhidwa pansi. Tsono nyumba zambiri zakumudzi, kulikonse padziko lapansi, denga limangokhala pakhoma chifukwa cha kulemera kwake ndi timisomali tingapo tokhomedwa chopendekera. Denga likachoka makoma amatsala opanda chowagwirizira pamwamba ndiye amatsatira. N'chifukwa chake lathu lija tinalipeza lathunthu, silinaphwanyike, linangonyamuka, poti panalibe chomwe chinalimanga kukhoma. Akatswiri omanga amati payenera kukhala unyolo wosaduka, malata agwire mapaso, mapaso agwire mtanda, mtanda ugwire khoma, khoma ligwire maziko, ndipo pomwe unyolowo waduka m'pomwe nyumba imatsegukira. Tizitsulo tomangira mapaso kukhoma, kapena waya wochindikala wopisidwa m'kati mwa njerwa mizere ingapo kutsika, mtengo wake ndi wochepa kuyerekeza ndi malipiro a anthu odula mitengo itatu ikuluikulu. Koma tizitsulo sitiziziritsa mtima ngati kumva mtengo ukugwa, ndikudziwa.

Apa pomwe ndionjezere, zija amanena kuti tornado ikamabwera tsegulani mazenera kuti nyumba isaphulike, ndi bodza limenelo. Mukungoilowetsa m'nyumba, komanso mukutaya masekondi omwe mukanathamangira kuchipinda chapakati chopanda mazenera, pansi, mutu utaphimbidwa. Anthu ambiri amavulazidwa ndi zinthu zouluka, malata, matabwa, magalasi.

Pali katswiri wina wa zanyengo yemwe ndinamva za iye nditakula kale ndipo anandisintha kaonedwe ka mitengo yakugwa, Ted Fujita. Anali wa ku Japan, mu 1945 ali mnyamata anakayendera mabwinja a ku Nagasaki bomba litaphulika, n'kumayang'ana komwe mitengo ndi mapolo zinagwera kuti adziwe pomwe bombalo linaphulikira. Kenako anapita ku University of Chicago ku America, ndipo mu 1971 anatulutsa sikelo yoyezera mphamvu ya tornado poyang'ana zomwe yawononga, poti makina oyezera mphepo sapezeka pomwe yadutsa, akapezekanso amasweka. Pa 3 ndi 4 Epulo 1974 ku America kunagwa ma tornado 148 m'masiku awiri okha, iye anakwera kandege kakang'ono kumazungulira pamwamba pa nkhalango zogwa, ndipo anaona kuti malo ena mitengo yagwa mopingasana, yolozera m'kati mwa njira yomwe chimphepo chinadutsa, koma malo ena yagwa yobalalika kuchokera pamalo amodzi ngati madzi othiridwa pasimenti. Yopingasanayo ndi tornado, yobalalikayo ndi mphepo yogwa kuchokera mumtambo molunjika pansi. Munthu kuwerenga mitengo yakugwa ngati kalata! Ine ndinkangoona nkhuni.

Sikelo yakeyo akatswiri ena anaikonzanso, yatsopanoyo inayamba kugwira ntchito mu 2007, pano amati EF, kuyambira EF0 mpaka EF5, ndipo pa zinthu 28 zomwe amayang'ana poyeza, ziwiri ndi mitengo. EF0 imayambira pa makilomita 105 pa ola, imathyola nthambi ndi kukanganula malata angapo. Ikafika EF2, pafupifupi makilomita 180 pa ola, imasasula denga ngakhale la nyumba yomangidwa bwino, mitengo ikuluikulu kuthyoka pakati kapena kuzuka. EF5 ndi yopitirira 322, imeneyo imasenda ndi makungwa omwe, nyumba kutsala maziko okha. Tauni yaing'ono ya alimi ya Greensburg ku Kansas, ku America, inakumana nayo pa 4 Meyi 2007, pafupifupi tauni yonse inatha, ndipo zithunzi zake chomwe chimandiwawa ndi mitengo, zangokhala ndodo zoyera zoimirira. Ndisakunamizeni, yoteroyo palibe waya kapena chitsulo chomwe chingapulumutse denga, ndipo palibe mzere wa mitengo womwe ungaimitse tornado, wina akakuuzani zimenezo akukugulitsani mbande. Koma ma tornado ochuluka kwambiri ndi ang'onoang'ono aja, EF0 ndi EF1, ndipo apo m'pamene kamangidwe kamasiyanitsa wogona m'nyumba ndi wogona panja.

Chinanso chomwe chimandipsetsa mtima, poti ndayamba kale, ndi momwe zakumudzi zimaiwalikira. Tornado ikagwa m'tauni ngati ija ya ku Joplin, ku America, mu 2011 yomwe inapha anthu oposa 150, makamera onse amathamangira komweko, ndipo n'zoyenera. Koma ikadutsa m'minda n'kugwetsa nyumba zisanu zotalikirana, khola, nkhokwe, mitengo yazipatso yomwe banja linadikira zaka khumi, pamapepala imalembedwa kuti sinawononge zambiri. Sinawononge zambiri kwa ndani? Msewu watsekeka ndi mitengo, ambulansi singadutse, magetsi amayamba kukonza komwe kuli anthu ambiri, inu mudikire. Anthu amaganizanso kuti izi ndi za ku America kokha poti kumeneko zimagwa zoposa 1,000 pachaka, komatu yomwe inapha anthu ambiri m'mbiri yonse inagwa m'midzi ya ku Bangladesh pa 26 Epulo 1989, anthu pafupifupi 1,300, ambiri m'nyumba zosalimba za malata. Mphepo yake siisankha, koma maliro ake amasankha osauka.

Aa, ndapita patali. Tibwerere kumitengo yanu.

Ndiye mudule uti?

Amuna anu sakulakwa pa zonse, mtengo umapha ndithu, mbuzi zathu zija ndi mboni. Pitani nawo limodzi muyang'ane mtengo uliwonse pawokha, kuyambira pansi osati pamwamba. Ngati dothi latukuka mbali imodzi ya tsinde, kapena lang'ambika, kapena mtengo waukulu wayamba kupendekera pomwe kale unali woongoka, mizu yaduka, umenewo uchoke. Ngati thunthu lang'aluka kapena pomwe panagawanika nthambi ziwiri zikuluzikulu patseguka, uchoke. Ngati wataya nthambi zoposa theka, nthawi zambiri suchira bwino. Koma ngati tsinde lili nganganga, thunthu lili bwino, zathyoka ndi nthambi zingapo, usiyeni, dulani zothyokazo bwinobwino pafupi ndi pomwe zamera koma osasenga thunthu, osapakapo penti, umadzipoletsa wokha. Osaudula mutu wonse poganiza kuti mukuuchepetsa mphamvu, mphukira zomera pamenepo zimagwira pakhungwa pokha, n'zomwe zidzakugwereni zaka zikubwerazi. Timitengo tating'ono topendekera mutha kutiwongola, kutsendera dothi ndi kutimangirira kuzikhomo. Womwe mukukayikira koma uli patali moti utagwa sungafike panyumba, upatseni chaka chimodzi muone.

Podulapo

Jambulani kaye zonse ndi foni musanasunthe kanthu, ngati muli ndi inshuwalansi kapena kukabwera thandizo adzafuna kuona. Waya wamagetsi wakugwa, kapena mtengo womwe wagona pa waya, musayandikire ngakhale magetsi atazima. Yang'anani m'mwamba, nthambi zothyoka zolendewera zimagwa popanda chenjezo. Nthambi yopindika yopanikizidwa ndi thunthu ili ngati uta wokoka, ukaidula imakwapula. Ndipo dzenje la mizu lija, chonde amayi, mwana aliyense akhale kutali, muwawerenge ndi chala asanayambe kudula.

Za bambo akunyumbawo, musalimbane nawo pa nkhani ya mitengo, mugonja ngati momwe anagonjera mayi anga, chifukwa iwo sakunena za mitengo, akunena za usiku womwe analephera kuteteza banja lawo. Apatseni ntchito ina yoti manja awo agwire. Auzeni kuti mukufuna aone okha mmisiri akumanga phaso lililonse kukhoma, aliwerenge limodzilimodzi, akwere pamwamba aligwedeze. Mitengo muwauze kuti tikambirana denga likatha. Mukatha kutero munditumizire zithunzi za patsinde pa itatu ija, mujambule mbali zonse, dothi lioneke bwino.