Kodi n'kulakwa kunyodola nkhani za milandu yodabwitsa?

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino anditumizira imelo yokhudza nkhani imene yawasowetsa mtendere. Akuti akaona nkhani ya mlandu wodabwitsa, monga ya wakuba amene wathyola nyumba n'kupezeka atagona tulo pampando wa eniake, amakonda kulembapo ndemanga yonyodola imene anzawo amaseka nayo kwambiri, koma mkulu wawo wawadzudzula kuti khalidweli ndi lopanda chifundo. Akufuna kudziwa ngati alidi olakwa.

Mayi, kusekako pakokha sindikuona vuto lake. Umbanda umatiopsa tonse, choncho mtima umapepukako tikaona kuti amene timamuopayo nayenso amapusa. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ndemanga zotere timazilemba titangowerenga mutu wa nkhani, pamene mutuwo anausankha kuti ukope maso, osati kuti ufotokoze zonse zimene zinachitika.

Taganizirani za nthabwala yotchuka ya "Florida Man". Mu 2013 panatsegulidwa tsamba pa Twitter limene linkangotola mitu ya nkhani za amuna omangidwa ku Florida, m'dziko la America, pa zifukwa zachilendo, ndipo anthu ambiri anafika pokhulupirira kuti kumeneko n'kumene kumakhala zitsiru. Komatu chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti malamulo a ku Florida amalola atolankhani kupeza mosavuta malipoti apolisi ndi zithunzi za omangidwa, motero nkhani zimene kwina zikanathera kupolisi zimafika pa intaneti mwamsanga, khoti lisanamve n'komwe mlanduwo. Ambiri mwa osekedwawo anali odwala matenda a maganizo, osowa pokhala, kapena akapolo a mankhwala ozunguza bongo, ndipo mu 2019 amene anayambitsa tsambalo anasiya kulembapo.

Nkhani imene imandikhudza koposa ndi ya Lindy Chamberlain wa ku Australia. Mu 1980 mwana wake wa milungu 9, dzina lake Azaria, anasowa m'tenti pafupi ndi thanthwe la Uluru, ndipo mayiyo ananena kuti watengedwa ndi galu wam'tchire wotchedwa dingo. Anthu ambiri anaona ngati bodza losapsa, ndipo kulira kwa mayi wotaya mwana kunasanduka nthabwala imene inafalikira mpaka kumayiko ena. Mu 1982 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wopha mwanayo n'kumugamula kuti akhale m'ndende moyo wake wonse. Mu 1986 kajekete kamene iye ankaumirira kuti mwanayo anavala usikuwo kanapezeka pafupi ndi thanthwelo, iye n'kutulutsidwa, ndipo mu 1988 chigamulo chija chinathetsedwa. Panatenga mpaka 2012 kuti wofufuza za imfa atsimikize mwalamulo kuti dingo ndiye anapha mwanayo. Onyodola aja sindiwo anamutsekera m'ndende, koma anathandiza kuti chilungamo chimene ankanena chizimveka ngati zopusa, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu abwinobwino amene ankangofuna kuseketsa anzawo.

Maganizo anga ndi akuti musanalembe muziyang'ana amene mawu anuwo akukamugwera. Kunyodola nduna yogwidwa ndi katangale, kapena kampani yopereka zifukwa zosamveka itawononga katundu wa anthu, ndimakuona kuti n'koyenera, chifukwa oterowo ali ndi maloya ndiponso pofotokozera mbali yawo, ndipo nthawi zina manyazi ndiwo chilango chokhacho chimene chimawafika. Munthu wamba amene wangomangidwa dzulo alibe zonsezo. Akadali woganiziridwa chabe, koma dzina ndi nkhope yake zidzatsalabe pa intaneti ngakhale khoti litamumasula, ndipo ana ake kapena amene angafune kumulemba ntchito akhoza kudzaziona patapita zaka. Pamene pafa munthu, pavulala wina kapena pakhudzidwa mwana, ndikukupemphani kuti musanyodolepo n'komwe.

Za wakuba wogona uja, mukawerenga nkhani yonse n'kupeza kuti palibe amene wavulala ndiponso palibe chosonyeza kuti ndi wodwala, sekani zimene wachitazo popanda kutchula dzina lake kapena kufalitsa chithunzi chake. Mkulu wanuyo mukawafunsenso kuti ndi ndemanga iti kwenikweni imene inawakhumudwitsa, chifukwa ndikuganiza kuti sakudana ndi nthabwala zanu zonse, koma ilipo ina imene inagwera munthu wosayenera.