Mafunso a Owerenga: Utsi Ukabalalika, Kodi Mpweya Wayera?

Funso: Akonzi, ndimamva akatswiri akuchenjeza za PM2.5. Kodi n'chiyani, nanga chimasiyana bwanji ndi fumbi lomwe timaliona?

Yankho: Ndi tizidutswa ta mwaye, phulusa ndi timadontho ta mankhwala toyandama mumpweya, tomwe kukula kwake sikuposa mamaikulomita 2.5. Mumilimita imodzi muli mamaikulomita 1,000, ndipo tsitsi la munthu limanenepa mamaikulomita pafupifupi 70. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno ndi pakhosi, munthu n'kumina kapena kutsokomola. Koma timeneti timapitirira mpaka m'timatumba ta m'mapapo momwe mpweya umalowera m'magazi, n'kuyambitsa kutupa. N'chifukwa chake vuto silithera pa mphumu ndi chibayo. Timawonjezeranso matenda a mtima, sitiroko, khansa ya m'mapapo komanso kubadwa kwa ana osakwana sikelo.

Tambiri timachokera ku moto: nkhuni, makala, malasha, injini za dizilo, kuwotcha zinyalala ndi tchire. Tina timapangika m'mwamba momwemo, mipweya ya m'mafakitale ndi m'galimoto ikasakanikirana ndi amoniya wa ku feteleza ndi ndowe. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatsitsa malire a kuchuluka kwa tizidutswati mumpweya: mamaikulogalamu 5 pa kiyubiki mita ya mpweya powerengera chaka chonse, ndi 15 pa maola 24. Kale anali 10 ndi 25.

Funso: Ndimaphikira nkhuni m'nyumba. Utsi ukatha, si ndiye kuti zoopsa zatha?

Yankho: Ayi ndithu, maso sangakuuzeni zimenezo. Tizidutswati n'topepuka moti timakhalabe mumpweya kwa maola ambiri moto utazima, makamaka m'chipinda chotseka.

Yambirani pa nkhuni. Zaziwisi zimafuka chifukwa moto umayamba wataya mphamvu pochotsa madzi, choncho sutentha mokwanira kuti upsereze mwaye. Ziwazeni, muziunjike pamalo okwera podutsa mphepo, mufolere pamwamba pokha. Zouma bwino, zachinyezi chosafika 20 peresenti, zimang'aluka kumapeto ndipo zimalira mukaziombanitsa. Musadzaze mbaula, sonkhezani pang'onopang'ono, phulusa muzichotsa kuti mpweya uzilowa pansi. Pulasitiki ndi labala musakolezere moto.

Kenaka utsi upeze potulukira. Zenera limodzi silikwanira. Pakhale mipata iwiri yoyang'anana, wina m'mwamba pafupi ndi denga. Chumuni chimathandiza kwambiri, koma mwaye ukachitseka kapena chikang'aluka, utsi umabwerera m'nyumba, ndiye muzichikolopa kawirikawiri. Khanda lisakhale kumsana kwa wophika, poti ana amapuma mofulumira ndipo mapapo awo akadakula. Ngati n'kotheka kuphikira gasi kapena magetsi, palibe mbaula ya nkhuni yomwe ingafanane nazo.

Panja napo pali nthawi zake. M'nyengo yozizira, usiku ndi m'mamawa, mpweya wozizira umakhala pansi, wofunda n'kuuvundikira pamwamba, utsi n'kusowa kolowera. Othamanga m'mbali mwa msewu waukulu m'mamawa alingalirepo.

Funso: Nanga masiki amateteza?

Yankho: Ansalu ndi akuchipatala aja amathandiza pang'ono chabe, chifukwa mpweya umazembera m'mbali. Yoyenera ndi N95, yomwe imagwira tizidutswa 95 pa 100 tilitonse, kapena FFP2. Koma igwire nkhope: kanikizani kawaya ka pamphuno, mangani zingwe zonse ziwiri, kenaka phimbani masiki ndi manja n'kupumira kunja mwamphamvu. Mukamva mpweya ukutuluka cha m'maso, sinakhale bwino. Ndevu zimasiya mpata, ndipo masiki ikanyowa kapena kuda isintheni.

Chenjezo lalikulu ndi la makala. Safuka kwambiri, koma amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo womwe masiki onsewa sauletsa. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chogona, ndipo wina akamva mutu, chizungulire kapena mseru pafupi nayo, mutulutsireni panja msanga n'kuthamangira naye kuchipatala.