Za kubuloka anthu otchuka chifukwa cha Gaza

Achemwali, funso lanu ndinaliwerenga dzulo usiku, koma ndinati ndidikire kuti ndiyankhe nditakhala pansi. Mwafunsa kuti mndandanda wa oimba ndi ochita mafilimu umene ukuzungulira pa WhatsApp, woti tiwabuloke pa Instagram ndi pa TikTok chifukwa sakulankhulapo za anthu a ku Palestine, unachokera kuti. Mwafunsanso ngati ife tili kuno titabuloka Kim Kardashian pali chimene chingasinthe ku Gaza. Ndaona ena ayankha kale kuti ndi zachibwana, ena kuti wosabuloka alibe mtima. Ine nkhaniyi ndinaitsatira kuyambira pomwe inayambira, ndiye ndiloleni nditalikitseko pang'ono.

Pa 6 Meyi 2024 ku New York kunali Met Gala, phwando la zovala lomwe limachitikira ku Metropolitan Museum of Art. Tikiti ya munthu mmodzi chaka chimenecho inali madola 75,000 a ku America. Tsiku lomwelo asilikali a Israel anauza anthu okhala kum'mawa kwa mzinda wa Rafah kuti asamuke, ndipo m'mawa mwake akasinja analanda chipata cha malire a Rafah ndi Egypt, pomwe pankalowera chakudya ndi mankhwala. Mu Rafah munali mutapanikizana anthu oposa 1 miliyoni omwe anathawa madera ena a Gaza. Nthawi imeneyo n'kuti unduna wa zaumoyo ku Gaza utawerenga kale anthu akufa oposa 34,000 chiyambire nkhondoyi, yomwe inabuka pamene gulu la Hamas la ku Gaza linapha anthu pafupifupi 1,200 mu Israel pa 7 Okutobala 2023 n'kugwira ena pafupifupi 250. Tsono taganizani munthu ali pa foni usiku umenewo. Chithunzi ichi ndi diresi lomwe mchira wake akunyamula anthu anayi, akakankha chala chotsatira ndi bambo atanyamula mwana wokutidwa ndi fumbi la nyumba yakugwa. Anthu mitima inawawa.

Amene anakolezera moto ndi mtsikana wina wotchuka pa TikTok, Haley Kalil. Anavala ngati mfumukazi ya ku France yamakedzana, n'kujambula kanema wokhala ndi mawu oti "adye keke". Awa ndi mawu omwe anthu amati mfumukaziyo, Marie Antoinette, ananena atauzidwa kuti amphawi alibe buledi. Akatswiri a mbiri amati mayiyo sananene zimenezo, koma zinamumatirira basi, ndipo anamudula mutu mu 1793. Haley anapepesa, n'kufotokoza kuti kuphwandoko sanaitanidwe n'komwe, anali panja pa ntchito yofunsa anthu mafunso. Kunali kuchedwa. Mayi wina pa TikTok anali atalengeza kale kuti yakwana nthawi ya chimpeni chija chinkadula mitu ya mafumu ku France, kungoti tsopano chikhala cha pa intaneti. Kampeni yobulokayi inadziwika ndi dzina loti Blockout 2024, ndipo mindandanda inayamba kutuluka tsiku ndi tsiku: Kim Kardashian, Kylie Jenner, Taylor Swift, Beyoncé, Zendaya, ndi ena ambirimbiri.

Chifukwa chomwe ankanenera kuti bulokani, osangosiya kuwatsatira, n'chomveka ndithu. Chuma cha anthu amenewa pa intaneti ndi maso athu. Kampani ikafuna kutsatsa mafuta odzola kudzera mwa munthu wotchuka, imayang'ana kuti ali ndi omutsatira angati, ndi angati amaonadi, kukonda ndi kuyankhapo pa zomwe waika. Ukangosiya kumutsatira, makina a Instagram amathabe kukubweretsera zithunzi zake chifukwa anzako akuzionera. Ukamubuloka wamuchotseratu pamaso pako. Enanso ankabuloka ndi mabizinesi awo omwe, monga Skims, kampani ya zovala ya Kim Kardashian. Ganizo lake linali loti tinawakweza ndife, tingathenso kuwatsitsa, popanda kutuluka m'nyumba kapena kuwononga tambala.

Nanga zinatheka? Pang'ono. Kim Kardashian anatayadi omutsatira masauzande ambirimbiri m'masiku amenewo, koma anali nawo oposa 360 miliyoni pa Instagram pokha. Kuli ngati kutunga ndowa imodzi m'nyanja ya Malawi n'kumadikira kuti asodzi a ku Nkhotakota aone kuti madzi atsika. Komabe ena anagwedezeka. Woimba Lizzo anatulutsa kanema m'masiku omwewo wopempha anthu kuti asonkhere ndalama mabanja a ku Gaza, ndipo anatchulanso za Sudan ndi Congo. Ena omwe anali duu kwa miyezi isanu ndi iwiri anayamba kuikako tizithunzi. Kumapeto kwa mwezi womwewo, moto utapsereza mahema a anthu othawa nkhondo ku Rafah pa 26 Meyi n'kupha anthu 45, chithunzi cholembedwa kuti maso onse ali pa Rafah chinagawidwa maulendo oposa 40 miliyoni pa Instagram, ndipo otchuka ambiri anachigawa nawo. Chithunzicho chinali chopangidwa ndi kompyuta, choyera bwino, chopanda magazi, n'chifukwa chake chinali chosavuta kugawa. Akasinja sanabwerere chifukwa cha icho. Ngakhale khoti lalikulu la mayiko ku The Hague, lomwe pa 24 Meyi linalamula kuti Israel isiye kuukira Rafah pa mlandu womwe South Africa inakasuma mu Disembala 2023, silinawabweze.

Chomwe chinanditsegula maso ine chinachitikira pakhonde pathu. Mwana wa achemwali anga, yemwe ali ku koleji, anakhala pamkeka madzulo ena ali ndi mndandanda wa mayina pa foni, akubuloka mmodzimmodzi. Amasaka dzina, kulowa, kubuloka, kubwerera ku mndandanda. Nsima inazizira. Ndinasuzumira n'kuloza dzina lina, ndati, "Nanga uyu walakwa chiyani?" Iye ati, "Ali pa mndandanda, anti." Ndati, "Umamudziwa?" Ati ayi, sanamumvepo. Theka la anthu omwe anabuloka tsiku limenelo sankawatsatira n'kale, ndipo kuti awabuloke ankayenera kulowa kaye patsamba lawo, lomwe mwina sakanalowapo moyo wake wonse. Bandulo inamuthera asanafike kumapeto, n'kundipempha kuti ndimugawireko. Sindinamuseke, chifukwa mtima wake ndinaumvetsa. Anali ataona makanema a ana mpaka tulo kusowa, ndipo ankafuna kuti manja ake achite kanthu.

Vuto lili pomwepo: mndandanda unalibe mwini. Aliyense ankalemba wake. Wina amalowa chifukwa anachemerera nkhondo poyera, wina chifukwa anangokhala chete, wina chifukwa analankhula koma mochedwa, wina chifukwa analankhula koma sanafike pomwe wolemba ankafuna. Ena omwe anasaina kalata ya Artists4Ceasefire yopempha kuti nkhondo iime anapezekabe m'mindandanda ina. Ndipo panalibe ponena kuti ukachita chakuti tikuchotsa. Munthu ukamutsekera khomo osamuuza chochita kuti umutsegulire, amangodzipitira. Tisaiwalenso kuti kukhala chete kwina ndi mantha. Mu Novembala 2023 Melissa Barrera anachotsedwa mufilimu yomwe ankayenera kusewera chifukwa cha zomwe analemba zokhudza Gaza, ndipo Susan Sarandon anasiyidwa ndi kampani yomwe inkamupezera ntchito. Sindikuwaikira kumbuyo amabiliyoni, iwo sangagone ndi njala. Ndikungoti wochemerera ndi wamantha si mlandu umodzi.

Ife a chigawo chino tili ndi chitsanzo chabwino cha kunyanyala komwe kunaluma. Nthawi ya tsankho ku South Africa kunamangidwa malo a zisangalalo a Sun City mu 1979, m'dera la Bophuthatswana lomwe boma la azungu linkanamizira kuti ndi dziko palokha. Ankaitana oimba akuluakulu n'kuwalipira ndalama zankhaninkhani. Frank Sinatra anakaimbako mu 1981, gulu la Queen mu 1984. Kuyambira 1983 bungwe la United Nations linkasindikiza kaundula wa oimba ndi azisudzo omwe apita kukasangalatsa ku South Africa. Taonani kusiyana kwake. Mlandu unali umodzi, woonekeratu: wapita kukaimba kumeneko. Kaundula anali ndi omusunga odziwika. Pempho linachokera kwa eni mavuto, a ANC ndi anzawo. Ndipo khomo lotulukira linalipo: ukalonjeza kuti sudzapitanso mpaka tsankho litatha, dzina lako ankalifufuta. Zinatenga zaka, osati sabata ziwiri, ndipo zinkayendera limodzi ndi kunyanyala masewero, zipatso za ku South Africa ndi mabanki.

A Palestine eniake anaphunzira pomwepo. Mu Julayi 2005 mabungwe awo oposa 170 anayambitsa kampeni ya BDS, yopempha kunyanyala katundu, kuchotsa ndalama m'makampani ndi kuika zilango. Zofuna zawo anazitchula zitatu: kuti Israel ichoke m'malo omwe inalanda mu 1967 ndi kugwetsa khoma lomwe inamanga lotchinga a Palestine, kuti a Palestine omwe ndi nzika za Israel akhale ndi ufulu wofanana ndi ena, ndi kuti othawa kwawo aloledwe kubwerera. Kaya mukugwirizana nazo kaya ayi, mukudziwa chomwe akufuna. Iwo amalangiza kusankha makampani ndi mabungwe ochepa omwe akukhudzidwadi, osati kuthamangitsa agwape khumi nthawi imodzi. Woimba Lorde anaimitsa ulendo wokaimba ku Tel Aviv mu Disembala 2017 atalemberedwa kalata yapoyera ndi amayi awiri a kwawo ku New Zealand, mmodzi Myuda, wina wa mtundu wa Palestine. Anamupempha chinthu chimodzi chokha, ndipo chinali m'manja mwake. Komanso pomwe anthu anasiya kugula, zinaoneka m'mabuku a ndalama. McDonald's inavomereza yokha kuti malonda atsika ku Middle East, ku Malaysia ndi ku Indonesia, ndipo mu Epulo 2024 inalengeza kuti igula malo odyera 225 omwe ankayendetsedwa ndi kampani ya ku Israel m'dzina lake.

Ndatchula Myuda dala. M'gulu muno ndaonamo ndemanga zina zonyoza Ayuda onse, ndipo zimenezo ine ayi. Ayuda ambiri akhala akuguba kutsutsa nkhondoyi, ena mpaka kumangidwa. Ndaonanso ena akuti iyi ndi nkhani ya Asilamu okha. Ku Gaza kuli Akhristu. Tchalitchi cha Saint Porphyrius chinakhudzidwa ndi bomba mu Okutobala 2023 anthu atabisalamo, ndipo Papa Francis ankaimbira foni parishi ya Katolika ya kumeneko pafupifupi usiku uliwonse.

Tsopano funso lanu lenileni, loti nanga ife kuno. Ndinene mosabisa mawu: kwa otsatsa malonda a ku America, maso a munthu wa ku Ndirande kapena ku Kawale ndi otchipa. Zovala za Kim sitigula, zikafika kuno zimafika m'belo la kaunjika. Titabuloka Amalawi tonse omwe tili pa Instagram, owerengera ndalama ake sangazindikire. Koma pali pomwe dzina la Malawi limawerengedwa ndithu. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ili mkati. Mu Epulo 2024 dziko lathu linatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Pa 18 Sepitembala 2024, mayiko 124 atavota ku United Nations kuti Israel ichoke m'malo a Palestine pasanathe miyezi 12, mayiko 14 okha ndiwo anakana, ndipo Malawi inali pakati pawo, yokha mu Africa monse. Akuluakulu m'gulu muno akumbukira kuti sikoyamba kuima patokha. Kamuzu anakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, n'kukayenderako mu 1971, anzake onse akulisala. Achinyamata opita kuminda aja sindiwaweruza, ulova tikuudziwa tonse. Koma voti ija inaponyedwa m'dzina lathu, ndipo ndi angati mwa ife tinafunsapo phungu wathu, kapena kuimba foni pa wailesi, kuti inaponyedwa choncho chifukwa chiyani? Phungu wanu nambala yake mutha kuipeza. Beyoncé simudzalankhula naye.

Ndiye ngati mukufuna kubuloka, bulokani, foni ndi yanu, ndipo palibe amene ali ndi ngongole yoti aziyang'ana madiresi a anthu olemera. Ine ndinabulokako ochepa omwe ndinawaona ndekha akuseka imfa za anthu. Kungoti musawerengere kuti mwamaliza ntchito, ndipo musanyoze mnzanu yemwe sanabuloke. Phindu lalikulu lomwe ndinaona ndi malo omwe anatsala pa foni. Ndinawadzaza ndi atolankhani a komweko. Motaz Azaiza anajambula nkhondoyi kwa masiku oposa 100 asanatuluke mu Januwale 2024. Wael Al-Dahdouh wa Al Jazeera anataya mkazi, ana awiri ndi mdzukulu mu Okutobala 2023 n'kubwerera pa ntchito, kenako mwana wake wina, Hamza, yemwenso anali mtolankhani, anaphedwa mu Januwale 2024. Bisan Owda, yemwe analandira mphoto ya Emmy mu Sepitembala 2024, ankayamba makanema ake ponena kuti ndi Bisan wa ku Gaza ndipo akadali moyo.

Mwana wa achemwali anga uja mndandanda wake anausiya pa theka, sanaupitirizenso. Atabwera pa holide yotsatira ndinaona kuti m'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, ankayatsa data n'kulowa patsamba la Bisan kuti aone ngati waika kanema watsopano. Tsiku lina panalibe kanthu, ndipo anakhala chete mpaka masana.