Funsani Azakhali: Nsapato za ku Guangzhou sizinafike

Azakhali, ndimagulitsa nsapato za amayi mumsika wa Limbe. Ndinapeza munthu pa Facebook wonena kuti ali ndi fakitale ku Guangzhou, mitengo yake yotsika kuposa imene amapeza anzanga opita okha ku China. Tinayamba kulankhulana pa WhatsApp, anandionetsa mavidiyo a makatoni, ine n'kumutumizira madola 700 pa Western Union, ndalama yokongola ku banki m'khonde. Patatha milungu itatu akuti katundu wagwidwa padoko la Dar es Salaam, ndiwonjezere madola 200 a msonkho. Nditakana, nambala yake inasiya kupezeka. Dzana wina wandiimbira kuti angathe kundibwezeretsa ndalamazo ndikamupatsa K150,000. Ndimupatse?

Wosowa tulo, Ndirande

Mayi, musamupatse ngakhale tambala. Nambala yanu waitenga kuti, nanga wadziwa bwanji kuti munaberedwa? Kawirikawiri ameneyo amakhala mnzake wa wakuba uja, mwinanso ndi yemweyo wangosintha simu. Akudziwa kuti mtima wanu uli m'malere chifukwa cha ngongole.

Za madola 700 aja sindikunamizani. Ndalama yotumiza mwanjira imeneyi ikangotengedwa kumeneko, zili ngati mwapatsa mlendo m'manja pa depoti ya Wenela iye n'kukwera basi. Pitanibe mawa kumene munatumizirako, mutenge risiti lija lokhala ndi nambala yotsatira ndalama yotchedwa MTCN. Ndalama imene sinatengedwe amatha kuiimitsa, ngakhale patapita nthawi yonseyi sindikuyembekezera zambiri. Auzeni alembe kuti munaberedwa. Mukatero kakadandauleni kwa apolisi a Fiscal, oona za milandu ya ndalama, poti lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limakhudza milandu yotereyi. Mauthenga a pa WhatsApp musawafufute chifukwa cha mkwiyo. Ajambuleni onse, nambala yake ioneke bwino, mukawasindikize papepala.

Pokana madola 200 aja munachita bwino. Msonkho wa katundu wolowa m'dziko muno umaperekedwa ku MRA ndipo mumalandira risiti. Sutumizidwa kwa wogulitsa ku China.

Mlamu wanga wa ku Chilomoni anatsala pang'ono kugwa m'mbuna yomweyi pogula galimoto ku Japan. Kutatsala tsiku limodzi kuti alipire, analandira imelo yoti akaunti ya kampani yasintha. Anabwera nalo pepalalo kunyumba kwanga akumwetulira, ati amuchotseranso madola 300. Ndinangoti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, tabwera nacho kuno. Nditavala magalasi ndinaona kuti akauntiyo ili m'dzina la munthu, komanso bankiyo si ya ku Japan. Tinaimba nambala yolembedwa pa webusaiti ya kampaniyo, osati ya mu imelo ija, ndipo iwo anati sanasinthe kalikonse.

Mukadzafunanso kuoda kunja, yang'anani kaye njira yolipirira. Pa Alibaba, webusaiti yogulirapo katundu wa ku China, pali chitetezo chotchedwa Trade Assurance, koma chimagwira ntchito pokhapokha mwalipirira pomwepo. Wogulitsa akakukokerani pambali kuti akutsitsireni mtengo, chitetezocho mwachisiya. Mukalipira ndi khadi la Visa kapena Mastercard, banki yanu ikhoza kukutsatirani ndalama ngati katundu sanabwere, koma nthawi zambiri muyenera kudandaula pasanathe masiku 120. Ndikudziwa kuti ndi kusowa kwa madola kumeneku makhadi amavuta, n'chifukwa chake ambiri amathamangira njira zachidule. Zikatero bola kudzera mwa mnzanu wa mumsika amene amakweradi ndege n'kukaona nsapatozo ndi maso. Yambani ndi mapeyala ochepa. Mavidiyo a makatoni aliyense angathe kutola pa intaneti, ndiye muuzeni akuimbireni pa vidiyo ali m'fakitalemo, atagwira pepala lolemba dzina lanu.

Amayi a ku banki m'khonde musawabisire mpaka tsiku logawana. Pitani kwa tcheya sabata ino ndi kalata ya kupolisi m'manja, mugwirizane kuti muzibweza zingati pamwezi.